Ndiwo Zamasamba Si Umphawi

Abale ndi alongo okhala muno mu Nairobi, manyaziwa tawatenga kuti? Pa zikondwerero zathu mbale zimasefukira ndi nyama choma, nkhwani wotendera osaoneka n'komwe. Komatu tikalowa m'malesitilanti timalipira mosanyinyirika gazpacho, msuzi wozizira wa tomato umene alimi osauka a ku Andalusia, m'dziko la Spain, ankamwera kumunda. Mu 2010 bungwe la UNESCO lidalemekeza kadyedwe ka ku Mediterranean, kodalira masamba, nyemba ndi mafuta a azitona. Mu 2017 lidalemekezanso nsima yathu. Bonongwe ali mbwee ku Marikiti, kungoti kuno amamutcha terere, ndipo chitambe ndiye kunde. Ana athu akakula osadziwa kukoma kwa nsinjiro, tidzaloza chala yani? Tikamakumananso, banja lililonse libweretse mphika wa masamba.