Maule ali ndi zikho zodzadza kabati, nanga bwalo lawo lili kuti?

Dzulo ndikuchokera ku Ndirande, anyamata awiri anatsala pang'ono kugwirana malaya m'minibasi. Nkhani yake ndi yomwe ija: timu yaikulu m'Malawi muno ndi iti? Wa Bullets anawerenga zikho mpaka zala zinamuthera. Wa Manoma anangomufunsa kuti, "Aise, zikho zonsezo mumazilandirira pa bwalo la ndani?" Minibasi yonse inafa nacho chiseko, ndi kondakitala yemwe. Ine ndine wa Maule chibadwire, ndipo ndikudziwa kuti wofunsayo nayenso timu yake ndi ya lendi, koma funsolo landikhala pamtima.

Tiyambe ndi mbiri, poti ambiri a inu timuyi munaidziwira pa Facebook. Bullets inabadwa mu 1967 pomwe osewera ena anachoka ku Wanderers n'kukayambitsa timu yawoyawo. Ndiye neba timamunyozayu ndi wa bere limodzi. Super League itayamba mu 1986, oyamba kuitenga anali Maule. Kuchokera 1999 mpaka 2005 anaitenga maulendo 7 motsatizana. Kuyambira 2018 mpaka 2023 anaitenganso maulendo 5 osaphonya, ndipo mu 2023, ndi kochi Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, anasesa zonse: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Pamenepa palibe chotsutsa.

Koma taonani maina amene timuyi yavalapo: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, FCB Nyasa Big Bullets. Kampani ya nsapato, ya mafuta, mtsogoleri wa dziko, kampani ya fodya, banki. Dzina lililonse likutiuza mwini thumba pa nthawiyo. Ndipo mbiri ikuonetsa kuti thumba likafufuma timu imauluka, likaphwa imagwa chagada.

Chitsanzo ndi 2004. Ndalama za a Bakili Muluzi zikuyenda, Kinnah Phiri ali kochi, Bullets inatulutsa Villa ya ku Uganda, Zanaco ya ku Zambia ndi Orlando Pirates ya ku South Africa, n'kulowa m'ndime ya magulu ya CAF Champions League. Kumeneko inakakumana ndi zimphona ngati Enyimba ndi Etoile du Sahel. Akuluakulu mpaka lero amaikamba nkhaniyi ngati za dzulo. Nanga thandizolo litatha? Kuyambira 2006 mpaka 2013 ligi sitinaione, timu ikudalira za pageti ndi akufuna kwabwino. Ndalama zonse zija sizinasiye chinthu chogwirika choti timu iyimirepo.

Ndisakhale wosayamika. Chibwerere Nyasa Manufacturing Company mu 2015, n'kudzaitenga timuyi kukhala yake, zinthu zasintha. Pali dongosolo, pali timu ya Reserve ndi ya achichepere zomwe zikutulutsa osewera, palinso ya atsikana. Koma pa nkhani ya bwalo tikadali pomwe paja. Kamuzu Stadium ndi ya boma. Pa ndalama iliyonse mumalipira pageti, mwini bwalo amadulapo yake. Bwalolo likatsekedwa, timu imayendayenda ngati mwana wamasiye. Masewero a CAF ndiye osanena: Simba mu 2022 ndi TP Mazembe mu 2023 tinakailandirira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 300, eti ndiye pakhomo pamenepo. Onsewo anatitulutsa. Mazembe yomweyo ili ndi bwalo lakelake ku Lubumbashi. Kuno kwathu Silver Strikers ili ndi lake ku Area 47.

Mu 2019 boma la a Peter Mutharika linalonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo, la Maule ku Zingwangwa. Tinavina. Zaka zadutsa, maboma asintha, ntchito yakhala ikuyenda ngati nkhono. Ena amafunsa ngati n'koyenera kuti misonkho imangire bwalo timu yomwe ili m'manja mwa kampani, pomwe zipatala zikusowa mankhwala. Funsoli ndi lomveka, amangwetu. Koma ndalama zinalowa kale pamenepo, ndipo kusiya zipupa zikunyowa ndi mvula ndiye kuononga kawiri. Boma linene poyera: latsala ndi chiyani, limaliza liti, ndipo likatha bwalolo lidzakhala la ndani.

Eni timu nawonso asabisale kumbuyo kwa boma. Ngati lonjezolo lakanika, pulani yawo ndi yotani? Ifenso masapota tili ndi mbali yathu. Timafuula kuti "timu ya fuko", koma jezi tikugula yachinyengo pamsika, pageti tikufuna kulowa ulere. Aphungu ndi makhansala athu akabwera kudzapempha mavoti, timawafunsa za Zingwangwa?

Bata inapita, Total inapita, a Muluzi anapita. Amene alipo lerowa nawonso tsiku lina adzapita. Tsiku limenelo timu idzatsala ndi chiyani? Mnyamata wa m'minibasi uja sindinamuyankhe. Inu mukanamuyankha chiyani?