Battle yokha siidyetsa munthu

Anzanga a kunyanja, ndili ku Makata kuno kusaka masipeya a injini. Dzulo ndinapeza anyamata a ku Ndirande akupikisana pa rap, kunyozana mpaka kutchulirana makolo. Anthu kukuwa, nanenso ndinakuwa nawo. Koma lero sindikukumbuka olo mzere umodzi.

Ku Australia, 360 anatchuka ndi ma battle, mpaka analimbana ndi Kerser mu 2011. Koma chinamufikitsa patali ndi chimbale chake cha Falling & Flying. Kwathu kuno Martse anatisiya mu 2022, koma nyimbo zake timazimverabe padoko.

Inu olemba ma verse m'boti, battle ndi chingwe cholizira injini basi. Ikalira pamafunika mafuta. Lembani nyimbo amwene, nkhani za usipa ndi mwera zangoti mbwee.