Phukusi lizungulire tonse pa macheza athu a Khirisimasi

Abale ndi alongo, mwezi wa Disembala ukayandikira kuno ku Doha, kutentha kumachepa, madzulo kumayamba kuzizira, ndipo mafoni amayamba kulira. Tikumana kuti chaka chino? Aphike mpunga ndani, abweretse nkhuku ndani? Pakati pa zokambiranazi pabukanso nkhani ina yooneka yaing'ono, koma yoyenera kuilingalira mofatsa. Ena mwa ife akuti masewera opatsirana phukusi, amene timachita pa macheza a Khirisimasi, ndi achibwana. Akuti tiwasiye, m'malo mwake aliyense azibwera ndi mphatso yogula pa mtengo womwe tagwirizana, n'kusinthana ndi mnzake. Ife tikuona kuti kutero kungakhale kulakwitsa, ndipo tikupempha kuti phukusi likhalepobe.

Kwa amene sanawaonepo, masewerawa amayenda motere. Mphatso imodzi imakulungidwa m'mapepala ambiri, lina pamwamba pa linzake, ngati makoko a anyezi. Anthu amakhala mozungulira, nyimbo imayamba kulira, ndipo phukusi limayenda kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Nyimbo ikaima, amene lamuthera m'manja amachotsa pepala limodzi lokha, kenako nyimbo imayambiranso. Wochotsa pepala lomaliza ndiye mwini mphatso. Masewerawa ndi otchuka ku Britain, kumene amawatcha pass the parcel, ndipo kumeneko amachitika kawirikawiri pa maphwando a ana. Kwina amawakometsera pomuveka womasulayo magolovesi okhuthala a kukhitchini kuti avutike pong'amba pepala, anzake akufa nako kuseka.

Tisanaweruze, tiyeni tiyambe tadziyang'ana. Kuno ku Qatar anthu pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse ndi obwera, ndipo ife tili m'gulu limenelo. Koma ngakhale timayankhula chiyankhulo chimodzi, sitidya mofanana. Alipo amene ali pa ntchito za malipiro abwino, akukhala ndi mabanja awo ku Al Sadd kapena ku Al Wakrah. Alipo alonda, madalaivala, ogwira ntchito m'mahotela ndi m'nyumba za anthu, ena akugona angapo m'chipinda chimodzi ku Industrial Area. Kuyambira mu Malichi 2021, lamulo la dziko lino limati malipiro otsikitsitsa ndi mariyali 1,000 pa mwezi, kuwonjezapo 500 ya malo ogona ndi 300 ya chakudya ngati bwana sapereka zimenezi. Chilolezo chobweretsa banja chimafuna malipiro okwera kuposa pamenepa. N'chifukwa chake ambiri anasiya akazi awo, amuna awo ndi ana ku Mangochi, ku Mzimba, ku Dedza kapena ku Chipata.

Tsono tiyerekeze kuti tagwirizana mphatso ya mariyali 100. Kwa wina imeneyo ndi ndalama ya chakudya chamadzulo kamodzi kulesitilanti. Kwa wina ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a malipiro ake, ndipo yafika pa mwezi woipitsitsa. Mu Disembala chimanga kumudzi chimakhala chikudikira feteleza, nkhokwe zayamba kupepuka, ndipo mu Januwale sukulu zimatsegulira, fizi ikufunika. Ife amene timagwira ntchito yothandiza anthu ndi mabanja pa mavuto awo tinaphunzira chinthu chimodzi: munthu wosowa sanena kuti ndasowa. Amangoti, "Pepani, tsiku limenelo ndili pa ntchito." Sadzatsutsa pa msonkhano ndipo sadzadandaula. Adzangosowa, ife n'kumadabwa kuti bwanji chaka chino anthu achepa. Ndipo amene adzalimbe mtima n'kubwera ndi kamphatso kotchipa adzakaona kakumasulidwa pamaso pa onse, pafupi ndi mafuta onunkhira a mnzake ochokera ku Villaggio. Manyazi otere sachedwa kuthetsa ubale.

Tikumbukirenso kuti nthawi yokumana ndi yosowa. Tsiku la tchuthi m'mwezi umenewu ndi 18 Disembala, lokumbukira dziko la Qatar. Khirisimasi ndi tsiku la ntchito ngati masiku ena onse, pokhapokha litagwa pa mapeto a sabata. Ambiri amapuma Lachisanu lokha. M'mawa Akhirisitu amapita ku Mesaimeer, kumene kuli matchalitchi, kuphatikizapo cha Katolika chomwe chinatsegulidwa mu 2008. Masana abale athu Achisilamu amakhala ku mzikiti. Otsala ndi maola ochepa a madzulo, kaya ku Al Bidda Park, ku Aspire Park kapena kunyumba kwa mmodzi wa ife. Maola ochepa amenewa si oti tiike msonkho pakhomo pake.

Ubwino wa phukusi ndi woti mphatso ndi imodzi, yochokera m'thumba la tonse, ndipo palibe amene amadziwa kuti uje anasonkha zingati. Nyimbo sidziwa malipiro a munthu. Imaima pa injiniya monga mmene imaimira pa mlonda, pa agogo amene abwera kudzacheza ndi pa kamwana ka zaka zinayi. Mukayang'anitsitsa macheza athu, muona kuti nthawi zambiri abambo amakhala pawokha, amayi ali ku miphika, achinyamata maso ali pa foni, ndipo obwera kumene ali kumapeto, mbale ili pamiyendo. Bwalo la phukusi ndi lokhalo limene limatisonkhanitsa tonse. Taonapo bambo amene sanaone ana ake kwa zaka ziwiri akuthandiza mwana wa mnzake kung'amba pepala, nkhope yake itawala. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kuno kutali mawuwa amathandiza mbali zonse: mwanayo amapeza amalume, bamboyo amapeza mwana woti amunyamule.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo n'zoyenera kuzimva. Ena akuti masewerawa ndi achizungu, bwanji osachita zakwathu? N'zoona kuti sanabadwire kwathu, monganso mpira wa miyendo ndi tiyi, koma lero palibe amene amati zimenezi n'zachilendo. Bawo ndi wa anthu awiri, fulaye amafuna bwalo ndi miyendo yolimba, phada ndi wa atsikana. Phukusi limalandira aliyense, ndipo likhoza kuvala chitenje. Pansi pa pepala lililonse tiikepo kakalata: wina aphe ndagi, anthu onse ayankhe kuti "Gize!", wina amalize mwambi, wina atchule maboma atatu a m'mbali mwa nyanja, wina afotokoze mmene amaphikira chigumu kwawo. Ana athu amaphunzira m'Chingerezi, ena akudziwanso Chiarabu, koma Chichewa amangochimva pamene akudzudzulidwa. Apa adzachimva chikubweretsa chiseko, ndipo chiyankhulo chimene mwana waseka nacho sachiiwala msanga.

Ena akuti si ulemu kuti munthu wamkulu azilimbirana phukusi ndi ana. Koma kodi nthano zapamoto ankasimba ndani? Ulemu wa agogo sunachepepo chifukwa choseka ndi adzukulu. Chofunika n'chakuti zolembedwa m'timakalata zisakhale zonyazitsa. Tisauze mayi kuti avine pamaso pa apongozi ake, tisafunse munthu za banja lake kapena za ntchito yake, ndipo amene sakufuna kuchita akhale ndi ufulu wopempha mnzake kuti amuthandize.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya misozi ya ana. Makolo ambiri masiku ano amafuna kuti pansi pa pepala lililonse pakhale switi, ndipo woimitsa nyimbo azisuzumira kuti mwana aliyense apeze kanthu. Tikuwamvetsa, pakuti palibe amene amakonda kuona mwana wake akulira. Komabe mwana amazindikira msanga kuti masewera akonzedwa, ndipo chidwi chake chimatha. Kuluza pa chinthu chaching'ono, pakati pa anthu omukonda, ndi sukulu yabwino yophunziriramo kupirira. Akaona kuti amalume aluzanso ndipo akuombera m'manja wopambana, amaphunzira zimene uphungu wa maola ambiri sungamuphunzitse. Choncho woimitsa nyimbo atembenukire kumbali, asaone kumene phukusi lili. Ndipo mphatso yomaliza ikhale yoti n'kugawana, monga thumba la mtedza wokazinga kapena bokosi la mabisiketi, kuti wopambana alandire ulemu wozungulira bwalo akugawira anzake. Kupatsa n'kuika, ndipo mwana amayamba kuziphunzira pamenepo.

Kwa a komiti yokonza macheza tili ndi mapempho ochepa. Mphatso ikhale yotchipa, makamaka yakwathu: paketi ya tiyi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, botolo la tsabola wa Nali, kilogalamu ya mpunga wa Kilombero kuchokera kwa amene wabwera kumene ku tchuthi. M'phukusi musalowe ndalama ndipo pasagulitsidwe matikiti, pakuti juga ndi yoletsedwa m'dziko lino ndipo sitikufuna chilichonse chofanana nayo. Zodyedwa zikhale zoti Mkhirisitu ndi Msilamu akhoza kudya onse, kuti masewera omwewa tidzachitenso pa Eid ndi pa 6 Julaye. Musajambule munthu n'kumuika pa Facebook musanamupemphe. Pomaliza, amene ali ndi magalimoto akatenge anzathu okhala kutali ndi kuwabweza pa nthawi yake, chifukwa ena ali ndi ola loikika lobwerera kumene amagona.

Amene akufuna kupatsana mphatso zodula ndi anzawo apamtima ali ndi ufulu wotero kunyumba kwawo, ndipo palibe amene angawaletse. Koma macheza a gulu ndi a tonse, ndipo tiziwayeza poona ngati wolandira mariyali 1,000 wabwera, wadya, waseka ndi kubwerera mutu uli m'mwamba. Tiyeni tiyambe kusunga nyuzipepala zakale ndi mapepala okulungira, tilembe ndagi zathu, ndipo aliyense aitane munthu mmodzi amene sanabwere chaka chatha.

Tikufunirani nonse Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chamtendere.