Boma la osauka likapeza mafuta pansi pa mudzi wanu

Mu 2008, anthu a ku Ecuador anavotela malamulo aakulu a dziko atsopano. Munali mau amene dziko lina lililonse linali lisanalembepo: cilengedwe naco cili na ufulu, ndipo munthu angapite kukhoti kukaimilila mtsinje kapena nkhalango. Malamulowo anavomelezanso kuti Ecuador ni dziko la mitundu yambili, ndipo analetsa kukumba ciliconse m'malo a anthu amene anasankha kukhala paokha m'nkhalango. Pulezidenti anali Rafael Correa, munthu wa sosholizimu amene analowa mu 2007 na mavoti a osauka, kuphatikizapo eni nthaka ambili.

Patapita zaka 8 cabe, mu 2016, makina anayamba kupopa mafuta m'dela la ITT ku Yasuní.

Yasuní ni nkhalango ya ku Amazon, kwawo kwa anthu a mtundu wa Waorani na timagulu tiwili, Tagaeri na Taromenane, tumene situfuna kukumana na anthu akunja. Pansi pa dela lina locedwa ITT panali migolo ya mafuta pafupifupi 846 miliyoni. Poyamba Correa anabwela na nzelu yokoma. Anauza maiko olemela kuti apeleke madola 3.6 biliyoni, theka la ndalama zimene Ecuador ikanapeza, ndipo mafutawo adzasiyidwa pansi. Panapita zaka 6, koma m'thumba munangolowa madola pafupifupi 13 miliyoni. Mu August 2013 anathetsa pulogilamuyo, n'kukamba kuti dziko lapansi lawagwilitsa mwala. Pamenepa sitimunena. Olemela anaomba m'manja, koma m'matumba sanapisemo.

Cimene cimatiwawa ni zimene zinatsatila. Acinyamata a gulu la YASunidos anasonkhanitsa masiginecha oposa 750,000 kuti anthu avote pa nkhaniyi. Bungwe la masankho linataya oposa theka, voti n'kufela pomwepo. Mu December 2013 boma linatseka Fundación Pachamama, bungwe limene linali kugwila nchito na eni nthaka a ku Amazon. Otsutsa migodi na mafuta, Correa anali kuwacha acibwana, ndipo anali kukonda kukamba kuti dziko silingakhale lopemphapempha litakhalila thumba la golide.

Ndipo sanali kunama pa zonse. Ndalama za mafuta zinamanga miseu, masukulu na zipatala, umphawi unatsika. Apa ndiye pavuta. Boma la mabwana likalanda nthaka, tonse timadziwa dzina la cimene cacitika. Koma boma la osauka likalanda, limakamba kuti likucitila inu nomwe, ndipo wokana amaoneka monga mdani wa mwana amene afuna desiki kusukulu. Bajeti ikadalila cinthu ca pansi pa nthaka, anthu okhala pamwamba pake amasanduka copinga, olo mtsogoleli akhale wokonda kuvala malaya a cikhalidwe cawo pa miyambo ya boma.

Onani mmene lamulo la Ecuador linalembedwela. Limapatsa eni nthaka ufulu wofunsidwa, koma akakana, boma lingapitilize ndithu. Kufunsidwa kotele timakudziwa. N'cimodzimodzi na landilodi amene akufunsani maganizo anu pa lenti yatsopano ataisindikiza kale pa citseko. Ife tiona kuti ufulu umene ulibe mphamvu yokamba kuti "iyai" ni ulemu cabe, osati ufulu.

Mwina mufunsa kuti za ku Amazon zitikhudza bwanji ife a mu Matero, Chawama na Kapata. M'nkhani iyi ife sindife a Waorani. Ndife anthu a mu Quito, likulu la Ecuador, amene amalandila phindu osaona pamene lacokela. Malaiti amene timadandaula nawo akazima, ena amacokela ku Kariba, kumene anthu a Citonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwili za Zambezi anasamutsidwa ca m'ma 1950. Ilo linali boma la atsamunda, zoona. Koma a Kaunda atatenga 51 pelesenti ya migodi mu 1969 m'dzina la Humanism, cinasintha ni mwini wa kopa, osati kudalila kopa. Mpaka lelo ndalama zambili zakunja zimabwela na kopa, ndipo lamulo limaika miyala yonse ya pansi m'manja mwa Pulezidenti. Mudzi wa ku North-Western ungakhale na manda a makolo pamalo, koma laisensi imalembedwa mu Lusaka muno. Siginecha ya mfumu imodzi sitingaiwelenge monga kuvomela kwa amai onse amene amalima pamenepo.

Sitikamba kuti migodi itsekedwe. Tifuna nchito, tifuna mabasale. Tikamba kuti cipani ciliconse cimene citilonjeza zaulele citiuzenso kuti ni nthaka ya ndani idzalipila, ndipo ngati eni ake akana, cidzacita ciani.

Ku Ecuador voti ija inacitika potsiliza pa 20 August 2023, khoti italamula. Pafupifupi 59 pelesenti anavota kuti mafuta a ITT asiyidwe pansi, ndipo ambili mwa iwo anali anthu a m'matauni. Koma m'cigawo ca Orellana, kumene kuli zitsimezo, ambili anavota kuti kupopa kupitilize, cifukwa nchito na ndalama zawo zili pamenepo. A Tagaeri na a Taromenane, amene nkhaniyi iwakhudza kuposa aliyense, sanavote. Khoti inapatsa boma caka cimodzi kuti licotse makina. Cakaco cinatha mafuta akali kupopedwa.