ZA KWA ANZATHU: Mzinda Umene Unausiyira Mtsinje Malo Ake

Ulendo uno tikutengerani ku Curitiba, mzinda wa kum'mwera kwa dziko la Brazil.

M'chaka cha 1971 mzindawu unalandira meya wachinyamata, Jaime Lerner, katswiri wojambula mapulani a nyumba. Anthu anali kuchuluka, misewu inali kuthina, ndipo mvula ikagwa mitsinje inkalowa m'nyumba za anthu. Mizinda yolemera imathana ndi mavuto otere pokumba njanji ya pansi pa nthaka ndi kumanga ngalande zikuluzikulu za simenti. Curitiba inalibe ndalama zoterozo.

Tsono mu 1974 akuluakulu a mzindawo anapatula njira ya pakati pa misewu ikuluikulu kuti muzidutsa mabasi okhaokha. Galimoto zikapanikizana m'mbali, basi imangodutsa. Mu 1991 anamanga masiteji ooneka ngati chipaipi chagalasi. Munthu amalipiriratu polowa m'siteji, choncho basi sitaya nthawi kudikira chenji. Pansi pa sitejiyo m'polingana ndi khomo la basi, moti agogo, mayi wobereka mwana ngakhale munthu wa pa njinga ya olumala amalowa osakwera masitepe. Basi imodzi ya zigawo zitatu imanyamula anthu oposa 200. Tangowerengani galimoto zimene zikanafunika kunyamula khamu lotere, ndi utsi wake!

Nanga za madzi osefukira? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. M'malo molimbana ndi mtsinje, mzinda unaletsa kumanga m'madambo n'kuwasandutsa mapaki. Paki ya Barigui, imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndi yaikulu mahekitala 140 ndipo ili ndi nyanja yokumba. Mvula ikachuluka, madzi amakwera m'nyanjamo ndi pa kapinga. Akaphwa, ana amabwerera kukasewera, mabanja n'kuyala mphasa pansi pa mitengo. Kwa zaka ndithu, m'paki ya São Lourenço udzu unkametedwa ndi nkhosa.

Sitikunena kuti kumeneko zonse zili bwino. Galimoto zachuluka ndipo okwera basi achepa kusiyana ndi kale. Komabe nzeruyi inayenda: Bogotá anaitengera mu 2000, Johannesburg mu 2009, ndipo amene mumakaoda katundu ku Dar es Salaam mwaona mabasi a njira yawoyawo amene anayamba mu 2016. Lerner anamwalira mu 2021, koma mapaki aja akusungabe madzi.

Ife a m'mbali mwa nyanja tinaona mu 2024 madzi atakwera n'kulowa m'nyumba ku Mangochi. Matauni athu akukula, ndipo mapuloti akugulitsidwa mpaka m'dambo. Inu bambo, musanalipire puloti, funsani okalamba a pamalopo pamene madzi anafika chaka cha mvula yambiri. Pamenepo dzalanipo mitengo, ana azisewerapo. Nyumba mukamange kumtunda.