Chikhristu cha 'ife sitili ngati aja'

Mukafunsa Akhristu ambiri m'dziko muno zomwe mpingo wawo umaphunzitsa, yankho limayamba ndi zimene iwo sachita. Wina ati ife sitipembedza Maria, wina ife sitibatiza makanda, wina ife sitipemphera Lamulungu, winanso ife sitikuwa ngati a faya aja. Koma mukamuuza kuti afotokoze chikhulupiriro chake osatchula mpingo wa mnzake, amayamba kukanda m'mutu.

Khalidweli limamveka pamsika, m'basi ngakhalenso pamaliro, pomwe mlaliki amaiwala anamfedwa n'kuyamba kugenda mpingo wa anthu amene akumba nawo manda m'mawa womwewo.

Kuopsa kwake pa moyo wauzimu kuli m'fanizo la Mfarisi ndi wokhometsa msonkho pa Luka 18. Mfarisi uja sadaname. Ankasaladi zakudya, ankaperekadi chakhumi. Chidamugwetsa n'chakuti pemphero lake silikadaima popanda wokhometsa msonkhoyo pambali pake. Chikhulupiriro chotere chimatsamira pa mdani, ndipo mdaniyo akasintha kapena akapezeka kuti sanena zomwe amamunenerazo, mwini wake amakakamizika kumunamizira kuti iye asagwe. Apa lamulo loletsa umboni wonama limathyoledwa paguwa penipeni, mpingo ukuyankha kuti ameni.

Nthendayi idachokera kutali. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, yemwe mipingo ya Reformed kuphatikizapo Sinodi ya Nkhoma idalandira kwa makolo ake, ali ndi funso la nambala 80 lomwe limadzudzula Misa ya Akatolika kuti ndi kupembedza mafano. Funsoli mudalibe m'buku loyamba kusindikizidwa. Lidalowetsedwa pambuyo pake m'chaka chomwecho, msonkhano wa Akatolika wa ku Trent utangotulutsa chiphunzitso chake pa Misa, ndipo nawonso msonkhanowo udatemberera ziphunzitso za Aprotestanti. Aliyense ankalemba akuyang'ana mnzake.

Mpingo wa Christian Reformed wa ku North America udachita chinthu chophweka chomwe ambiri sachita: udakafunsa eni ake Akatolika zomwe amaphunzitsa pa Misa. Mu 2006 udagamula kuti mbali yomaliza ya yankholo siyifotokoza molondola chiphunzitso cha Katolika, kotero udayitsekera m'mabulaketi.

Komwe mtima wotsutsa umafikitsa munthu kudaoneka mu 1988 ku Strasbourg, pomwe m'busa Ian Paisley wa ku Northern Ireland adadula mawu Papa Yohane Paulo Wachiwiri m'nyumba ya malamulo ya mayiko a ku Ulaya, n'kumutchula kuti wokana Khristu, mpaka adamutulutsa panja. Kwawoko anthu pafupifupi 3,500 adafa pa ziwawa zomwe zidatenga zaka 30. Gwero la ziwawazo lidali ndale, koma mayina akuti Mkatolika ndi Mprotestanti ndiwo ankasonyeza khomo loti ligogodedwe usiku. Paisley yemweyo mu 2007 adakhala m'boma limodzi ndi Martin McGuinness, Mkatolika yemwe adali mkulu wa gulu la IRA.

Izi sizikutanthauza kuti mipingo ndi yofanana ayi. Pa Mgonero wa Ambuye, udindo wa Papa ndi tsiku la Sabata pali kusiyana kwenikweni, ndipo kubisa kusiyanako nalonso ndi bodza. Koma pa 31 October 1999 ku Augsburg m'dziko la Germany, Akatolika ndi a Lutheran adasainirana chikalata chogwirizana pa nkhani yomwe idawagawanitsa m'nthawi ya Martin Luther, ya momwe munthu amayesedwera wolungama pamaso pa Mulungu. A Methodist adalowamo mu 2006, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse lidasaina mu 2017 ku Wittenberg, mzinda wa Luther.

Kuno kumudzi mipingo idaonetsapo kale kuti ingathe. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992 itagwedeza boma la Kamuzu Banda, atsogoleri a mipingo ina adaima nawo, ndipo m'chaka chomwecho mudabadwa bungwe la Public Affairs Committee momwe mulinso Asilamu. Ngakhale Baibulo lidali logawikana: Aprotestanti ndi Buku Lopatulika la 1922, Akatolika ndi Malembo Oyera a 1966, kufikira mbali ziwirizi zidamasulira limodzi Buku Loyera lomwe lidatuluka mu 1998.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani zoterezi sizimveka kawirikawiri pamlaga kapena pamphakati. Akuluakulu amasainirana kunja, koma mnyamata wa CCAP akapeza mbeta ya Chikatolika, ankhoswe amatha masabata akukokana za tchalitchi chomangitsira ukwati ndi komwe ana adzabatizidwe, pomwe eni ake awiriwo sadafunsidwe n'komwe ngati amapemphera limodzi.