Ndiwo Zofuna Moto Wofatsa

Nkhuni zikusowa m'midzi yambiri, ndipo ndiwo zolimba ndizo zimamaliza mtolo msanga. Komatu ziboda za ng'ombe, tambala wokalamba ndi nyama youmika sizifuna moto waukali ai. Mai wodziwa nchito yake amaziika mu mphika wadothi, nabvundikira bwino, nasiya citsa cimodzi cikunyeka pang'onopang'ono kwa maola 4 kapena kuposerapo. M'matauni muli miphika ya magetsi yophika motere.

Nyemba, makamaka zofiira, ziri ndi lamulo lake. Zibviikidwe usiku wonse, madziwo atayidwe, kenaka ziwire kwambiri kwa mphindi zosacepera 10 moto usanacepetsedwe. Zikangofundira pa moto wocepa osawira, zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba banja lonse.